"Tingathe" kapena "N'zotheka"? Mawu a Obama m'Chisipanishi

Pamene Barack Obama ankachita kampeni ya upulezidenti wa dziko la United States mu 2008, mawu ake atatu oti "Yes we can" anamveka paliponse. Womasulira wodalira dikishonale akadalemba kuti "Sí, podemos", ndiye kuti "Inde, tingathe", ndipo galamala yake ilibe cholakwika. Koma anthu olankhula Chisipanishi m'dzikolo ankafuula kuti "Sí se puede", kutanthauza kuti "Inde, n'zotheka". Ine ndikuti anthu wambawa ndiwo anamasulira bwino.

Chifukwa chake chili m'mbiri. Mu 1972 boma la Arizona linakhazikitsa lamulo lophwanya ufulu wa antchito a m'minda wonyanyala ntchito. Potsutsa lamuloli, mtsogoleri wawo Cesar Chavez anasala kudya kwa masabata opitirira atatu mumzinda wa Phoenix. Ena atataya mtima n'kumati "No se puede", sizingatheke, mnzake Dolores Huerta anawayankha kuti "Sí se puede". Bungwe la United Farm Workers linatenga mawuwo kukhala mfuu yake. Obama mwiniwake anavomereza kuti anabwereka mawu a mayiyu pamene ankawapatsa mendulo ya ulemu mu 2012. Choncho womasulira wosankha "podemos" akadapatsa anthu mawu achilendo pomwe iwo anali kale ndi awoawo.

Komabe pali chimene chimatayika. Chingerezicho chikutchula "ife", ndipo chikusenzetsa mtolo aliyense wonena. Kamawu koti "se" sikatchula wochita. Mlankhuli wa Chichewa akudziwa kusiyanaku: wonena kuti "tingathe" wagwira kale khasu, pamene wonena kuti "n'zotheka" akhoza kukhala pamthunzi kudikira kuti ena alime.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuikirabe kumbuyo "se puede"? Mawuwa anabadwa ngati yankho. Munthu wotaya mtima sanena kuti iyeyo ndi waulesi, amati zinthuzo n'zosatheka, ndipo yankho liyenera kugunda pomwepo.

Ku Spain nako zinaoneka. Chipani chimene chinakhazikitsidwa mu 2014 chinadzitcha Podemos, koma pamisonkhano otsatira ake ankafuula kuti "Sí se puede". Womasulira asanatsegule dikishonale, ayambe wamvetsera zimene eni chilankhulo amanena kale pankhaniyo.