Za Iwo Oyesa Mitima ya Ana a Sukulu Zogonera

Anzeru a maiko akutali ali pa mtsutso waukuru, ndipo mtsutsowo ukhudza ana amene tiwatumiza ku sukulu zogonera komweko. Funso lao ndi ili: kodi zithunzi zimene anyamata ndi atsikana apenya pa Instagram ndi pa TikTok ziwacititsa kuipidwa nao matupi ao? Ife tifuna kuyesa miyeso yaoyo, pakuti wogula cimanga ayamba wapenya dengu loyesera.

M'caka ca 2021 mai Frances Haugen, amene anagwirapo nchito ku Facebook, anaulula makalata a m'kati mwa kampaniyo. Umo munalembedwa kuti mwa atsikana ofunsidwa, 32 pa 100 anati pamene akhumudwa nao matupi ao, Instagram iwonjezera kukhumudwako. Mau awa anaopsa makolo ambiri, ndipo sitiwapeputsa ai. Koma uku kunali kufunsa cabe. Ndipo wodwala adziwa pomuwawa, koma kawirikawiri sadziwa comdwalitsa.

Mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford anasanthula mayankho a ana oposa 350,000 a ku Britain ndi America, napeza kuti kuipa koyenda pamodzi ndi makinawa nkwakung'ono, konga koyenda ndi kudya mbatata. Ciwerengero cao ncacikuru ndithu, koma tipezapo zirema ziwiri. Iwo anayesa mtendere wa mumtima wonse, si za thupi pazokha ai. Ndiponso mcere wodzala dzanja sumveka m'citsime, koma m'cikho uwawa. Momwemo mtsikana mmodzi wosauka mtima kwambiri atayika pakati pa zikwi za osabvutika.

Nchito imene tiiyamika koposa ndi ya Anne Becker pa zisumbu za Fiji, kumene anthu analemekeza thupi lonenepa monga acitira ambiri kwathu kuno. Wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995, ndipo pamenepo panalibe ndi mmodzi yense mwa atsikana 63 a sukulu amene anati adzisanzitsa kuti aonde. Pofika 1998, mwa atsikana 65, ngati 11 pa 100 anabvomera kutero. Atsikanawo anali owerengeka, ndipo a 1998 sanali omwewo a 1995. Komatu iye anayesa paciyambi nayesanso pambuyo, ndiyo nzeru. Mu 2011 anaonetsanso kuti mtsikana akhudzidwa ndi zimene anzace apenya, cinkana kwao kulibe kanema.

Tsono wofuna kuyesa ana a sukulu zogonera acenjere ndi misampha itatu. Woyamba: sukulu zambiri ziletsa foni, ndipo mwana wofunsidwa kuti apenya maora angati adzaopa kucotsedwa sukulu, nadzanama. Waciwiri: foni imodzi yobisidwa m'bulangeti ipenyedwa ndi cipinda conse, wowerenga eni mafoni okha asiya kunja ambiri amene zithunzizo zawalowa. Wacitatu: mafunso ambiri analembedwa m'Cingerezi, kulembera ana a ku Ulaya ndi America, ndipo afunsa makamaka za kuonda. Kwathu kuonda kwakhala kuyesedwa cizindikiro ca nthenda kapena umphawi. Mtsikana wathu akhoza kudandaula ndi kuda kwa khungu lace, nafuna mafuta oyeretsa, ndipo mnyamata adandaula ndi kucepa kwa cifuwa cace. Funso losayenera litenga yankho lopanda pace. Ngakhale mwana wosiya nsima m'mbale tisafulumire kumweruza. Kapena nyemba zace nzofumbwa.

Muyeso wabwino ukadatero: ana omwewo afunsidwe kawiri, potsekera sukulu atakhala miyezi osapenya foni momasuka, ndi pobwera ku chuti, afunsidwe m'cinenero cao, osalemba maina, ndipo wofunsayo asakhale mphunzitsi wogwira cikoti.

Koma inu makolo, musadikire anzeru atsirize mtsutso wao. Ku Netherlands anaonetsa atsikana 144 zithunzi za pa Instagram, ena zoona, ena zokonzedwa ndi makina; iwo openya zokonzedwazo anacepa kukondwera nao matupi ao, ndipo anaziyesa zenizeni. Cifukwa cace mwana wanu akabwera ku chuti, khalani naye pa mphasa, mumfunse zimene apenya ndi zimene anzace anena za thupi lace, osamkalipira. Mumuuzenso kuti ciuno ndi khungu la pa foni kawirikawiri zasemedwa ngati mtondo. Akale anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.