Ma antioxidant ndi chikhodzodzo: zotsatira za akalulu sizikuyankha funso la ku Madisi

Kwa zaka zambiri, ofufuza monga Robert Levin wa ku Albany ku America akhala akuyesa ngati ma antioxidant angateteze chikhodzodzo magazi akasiya kufikako. Amamanga mitsempha ya magazi ya kalulu kapena khoswe kwa ola limodzi kapena awiri, kenako n'kuimasula. Magazi akamabwerera, okosijeni wobwera mwadzidzidzi amapanga tizinthu towononga minofu ndi minyewa, ndipo chikhodzodzo chimafooka. Nyama zomwe zinapatsidwa vitamini E, coenzyme Q10 kapena melatonin nthawi zambiri sizinawonongeke kwambiri.

Kafukufukuyu watiphunzitsa chinthu chofunika: chikhodzodzo chimavulala kawiri, magazi akaima komanso akabwerera. Koma sitingamutenge momwe alili n'kupita naye kwa odwala athu, pa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi nthawi yoperekera mankhwala. M'makafukufuku ambiri nyama zimayamba kulandira mankhwalawo vuto lisanachitike, chifukwa wofufuza amadziwa ola lomwe adzamange mtsempha. Mayi wa m'mapiri a Dowa kapena Ntchisi sadziwa tsiku lomwe mwana adzakanirire m'njira.

Chachiwiri ndi kutalika kwa vutolo. Mwana akakanirira, mutu wake umapanikiza chikhodzodzo ku fupa la chinena kwa tsiku lathunthu, mwina masiku awiri kapena atatu. Pamenepo mnofu umafa, umathothoka patapita masiku, ndipo pamatsala bowo lomwe timalitcha fistula. Antioxidant sangadzutse mnofu wakufa. Bambo wokalamba amene mkodzo watsekeka chifukwa cha prostate, nayenso vuto lake limakula ndi ola lililonse lomwe chikhodzodzo chakhala chodzaza.

Chachitatu, zomwe zathandiza nyama sizithandiza munthu nthawi zonse. Kafukufuku wa SELECT, wa amuna oposa 35,000, anapeza mu 2011 kuti omwe ankamwa vitamini E tsiku ndi tsiku anadwala khansa ya prostate mochuluka ndi 17 peresenti kuyerekeza ndi omwe sankamwa. Choncho wogulitsa mapiritsi akamauza anthu kuti "amateteza chikhodzodzo", akulankhula zoposa umboni womwe ulipo.

Pomwe kafukufukuyu angadzathandize ndi pa opareshoni yokonzekeratu, pamene dokotala amadziwa nthawi yomwe magazi adzaime. Koma zimenezi ziyenera kuyesedwa kaye pa anthu.

Zomwe zimateteza chikhodzodzo lero tikuzidziwa kale. Azamba alembe partograph mokhulupirika ndi kutumiza mayi msanga komwe angachitidwe opareshoni. Mayi amene wavutika nthawi yaitali pobereka aikidwe kapaipi kotulutsira mkodzo kwa masabata pafupifupi awiri ndipo azimwa madzi ambiri. Kees Waaldijk anaonetsa ku Nigeria kuti kapaipi koikidwa msanga kamatha kutseka ngakhale mabowo ang'onoang'ono. Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka alimbikitse amayi a kutali kukakhala ku chidikiro, makamaka m'dzinja misewu yopita ku Madisi, Mponela, Dowa ndi Ntchisi ikamavuta. Bambo amene walephera kukodza apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi wodontha mkodzo asabisidwe m'nyumba: ku Bwaila ku Lilongwe amasoka fistula.

Masamba ndi zipatso tizilimbikitsabe pa zifukwa zina za thanzi. Koma pa chikhodzodzo chopanikizika, chomwe chimapulumutsa ndi kuchepetsa maola.