NZE141 ndi NZE144: zimene nambala yomalizayo ikunena

Galimoto iliyonse ya Toyota yochokera ku Japan ili ndi kachitsulo kokhomedwa kapena kapepala komatidwa pansi pa boneti kapena pachipilala cha chitseko, ndipo eni galimoto ambiri sanakawerengepo. Pali mizere yochepa chabe: mtundu wa galimoto, injini, nambala ya chesisi, utoto, giyabokosi. Mzere woyamba ndi umene uli ndi yankho la funso limene amakaniki amalandira mvula ikayamba, loti kodi Corolla Axio yokoka ndi mawilo akutsogolo okha singasinthidwe kuti izikoka ndi onse anayi?

Pa Corolla Axio yambiri ya injini ya malita 1.5 imene inapangidwa kuyambira 2006 mpaka 2012, mzerewo umayamba motere: DBA-NZE141. Pa ina, yooneka chimodzimodzi kunja ndi mkati momwe, umayamba ndi DBA-NZE144.

Zilembo zitatu zoyambazo tisachedwe nazo. DBA ndi chizindikiro cha boma la Japan chosonyeza kuti galimotoyo ikukwaniritsa malamulo a utsi a 2005. NZ ndi banja la injini, ndipo apa ndi 1NZ-FE, injini yomwe ija ya mu Probox ndi Sienta. E ndi chilembo cha banja la Corolla. 14 akunena m'badwo wake, wachikhumi. Mpaka apa mizere iwiriyi ikufanana chilembo ndi chilembo, ndipo kufananaku ndi kumene kumanyenga munthu. Amaona injini imodzi, thupi limodzi, nyali zofanana, n'kuganiza kuti chasowa ndi chitsulo chimodzi chotumiza mphamvu kumbuyo.

Chatsala ndi nambala yomaliza, 1 kapena 4. Toyota sinawononge nambala ya mtundu pa zinthu zazing'ono. Mipando ya nsalu ina, wailesi, ngakhale giya ya manja m'malo mwa CVT, zonsezi sizisintha 141. Zimalembedwa m'zilembo zotsatira kapena pamzere wina. Koma mawilo akumbuyo akayamba kukoka, kampaniyo imasintha nambala yeniyeniyo, imenenso imadindidwa pathupi la galimoto ngati chiyambi cha nambala ya chesisi. Kwa amene anaipanga, 144 si 141 yowonjezeredwa kanthu. Ndi galimoto ina.

Lowani kunsi kwake muone chifukwa. Mu 141 injini yagona chopingasa, giyabokosi ili pambali pake, ndipo mphamvu imatuluka pa mashafuti awiri kupita kumawilo akutsogolo. Basi. Kumbuyo kuli mtanda umodzi wachitsulo wolumikiza mawilo awiri amene ntchito yawo ndi kungotsatira. Mu 144 giyabokosi ili ndi potulukira pachitatu, pamene pamangidwa kabokosi kokhotetsa mphamvu kuti iloze kumbuyo. Kuchoka pamenepo propshaft imayenda pansi pa galimoto mpaka ku difu yakumbuyo. Difuyo iyenera kukhala ndi pogwira, ndiye mtanda uja palibe. M'malo mwake pali felemu yakeyake ndi mikono yogwira gudumu lililonse palokha, ndiponso mahabu oboola pakati kuti shafuti ilowe. Thanki ya petulo ndi ekizozi ziyenera kupatuka kuti propshaft idutse. Kutsogolo kwa difu kuli cholumikizira cha magetsi chimene chimagwira pokhapokha kompyuta ikaona kuti mawilo akumbuyo akufunika, ndipo kompyutayo imadalira masensa a ABS komanso mawaya ena amene 141 ilibe.

Wofuna kusintha ndiye kuti agule zonsezi, ndipo njira yokhayo yozipezera pamodzi ndi kugula 144 yochita ngozi n'kuiphwasula. Akatero aboole ndi kuwotcherera pansi pa galimoto yake kuti felemu yakumbuyo ipeze pomangira. Amisiri athu amawotcherera bwino, zimenezo sindikutsutsa. Koma pogwira felemu pakapatuka pang'ono chabe, galimoto imayenda chammbali, imadya matayala, ndipo propshaft imanjenjemera mukathamanga pa M1. Pamapeto pake munthu wagula galimoto ziwiri kuti atsale ndi imodzi.

Ndipo kachitsulo kaja sikasintha. Kazingonenabe kuti 141. Wogulitsa masipeya ku Limbe kapena ku Malangalanga akafunsa nambala ya chesisi, adzakupatsani mashokamu ndi mabeleng'i a galimoto imene kumbuyo kwake munachotsa kale. Tsiku logulitsa, wogula wochenjera adzawerenga 141 pamakalata, aone difu pansi, afunse mafunso amene amatsitsa mtengo.

Kalembedwe kameneka si ka Axio yokha, ngakhale nambala yake si 4 nthawi zonse. Corolla yakale ija ili ndi NZE121 ndi NZE124, Wish ili ndi ZNE10 ndi ZNE14, koma Sienta ndi NCP81 ndi NCP85, Probox ndi NCP51 ndi NCP55. Honda Fit imasiyanitsa GE6 ndi GE7. Nissan imaika chilembo kutsogolo: X-Trail ya T31 imakoka ndi akutsogolo okha, ya NT31 ndiye ya onse anayi. Ambiri agula X-Trail poona msinkhu wake, n'kudzazindikira ali m'matope kuti N uja panalibe. Wogulitsa akhoza kumata zilembo za 4WD pachitseko chakumbuyo, zimagulitsidwa zimenezo, koma nambala yodindidwa pachesisi sangaimate.

Pali chinanso chimene 4 uja akunena kwa wodziwa kumene galimotozi zimachokera. Toyota sinapange 144 poganizira msewu wa ku Nyika kapena wa Gorodi wokwera ku Livingstonia. Inaipangira anthu a ku Hokkaido ndi kumpoto kwa chilumba cha Honshu, kumene chipale chofewa chimakuta misewu miyezi ingapo pachaka. Vuto lawo ndi phula loterera, osati makwawa. N'chifukwa chake 144 ndi yaifupi ngati mnzake, ilibe giya yotsika ngati ya Hilux kapena Land Cruiser, ndipo mimba yake ikakhala pamtumbira wa pakati pa msewu, mawilo onse anayi amangozungulira m'malere. Imathandiza ndithu poyamba kuyenda pamtunda wa dothi lofiira lonyowa, pamene 141 imangopalasa. Kupitirira apo musaiyembekezere zambiri. Komanso misewu ya kumeneko amaithira mankhwala a mchere osungunula chipale, ndiye 144 zambiri zimafika ku Dar es Salaam ndi dzimbiri kunsi ngakhale utoto ukuwala. Poitanitsa, pemphani zithunzi za pansi pake.

Mtengo wake sumathera pogula. Zitsulo zowonjezerazo zimalemera pafupifupi ngati matumba awiri a chimanga amene simuwatsitsa chaka chonse, ndipo petulo amamwa mochulukirapo. Difu imafuna oyilo wake, amene eni ambiri sadziwa n'komwe kuti alipo. Matayala onse anayi ayenera kukhala a saizi imodzi ndi otha mofanana. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi la sekondihandi lero, lina mwezi wamawa, la mtundu wina, chimachititsa kuti mawilo akutsogolo ndi akumbuyo azizungulira mosiyana nthawi zonse, cholumikizira chija n'kumatentha mpaka kutha.

Ngati muli ndi 141 ndipo msewu wakwanu umavuta kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndalama zosinthirazo gulirani matayala abwino. Ngati sizikukwanira, gulitsani galimotoyo muitanitse ina, ndipo musanatumize ndalama werengani nokha nambala ya chesisi mpaka kumapeto kwake.