Khomo lakuseri limene kunalibe

Pa 13 Januwale 2017 nyuzipepala ya ku Britain ya The Guardian inalemba kuti WhatsApp ili ndi khomo lakuseri limene anthu angalowerepo n'kuwerenga mauthenga a eni ake. Mawu akuti khomo lakuseri ndi olemera. Amatanthauza kuti kampani inasiya dala mpata wa akazitape. Zimene wofufuza Tobias Boelter anapeza zinali zina.

Nkhani yake ili chonchi. Kuyambira mu Epulo 2016 uthenga wa pa WhatsApp umakhomedwa ndi kiyi amene ali m'foni ya wolandira. Tiyerekeze kuti mwalembera mlongo wanu ali ku Johannesburg, foni yake ili chizimire, kenaka wagula ina. Kiyi wasintha. WhatsApp imakhomanso uthenga wodikirawo ndi kiyi watsopano n'kuutumiza osakufunsani, kuti usatayike panjira. Mpata ulipodi, sitikana: wolamulira makompyuta a kampaniyo akhoza kunamizira kuti kiyi wasintha n'kutola mauthenga amene anali asanafike. Koma ndi mpata wopapatiza, wovuta kubisa, ndipo anausankha poyeza phindu ndi ngozi. Moxie Marlinspike, mmodzi wa amene anakonza njira yokhomerayo, anatsutsa nkhaniyo tsiku lomwelo.

Chimene ndikuidzudzula nacho nyuzipepalayi si kufunsa mafunso ayi. Imeneyo ndiyo ntchito yake. Cholakwa n'chakuti inaika chigamulo pamutu wa nkhani isanamve bwino akatswiri, pomwe ambirife timangowerenga mutu n'kutumiza ku gulu la pabanja. Zeynep Tufekci, katswiri wobadwira ku Turkey, analemba kalata imene akatswiri oposa 70 anasainira, yochenjeza kuti anthu amene amasakidwa ndi maboma awo athawira ku SMS. Uthenga wa SMS kampani ya foni imauona wonse. Wothawa chifukwa cha mutu wa nkhaniwo ankatuluka m'nyumba ya zenera lothetheka n'kukagona pabwalo.

Nyuzipepalayo inachotsa mawu aja pamutu mwamsanga, koma nkhani inakhalabe, ndipo manyuzipepala a m'maiko ena anali atakopera kale mutu woyamba uja. Paul Chadwick, mkonzi woyang'anira madandaulo a owerenga, anadzavomera mu Juni kuti analakwitsa kukuza nkhaniyo chotero. Apo n'kuti patapita miyezi isanu.