Lipoti la Lancet la 2024: BP yapatsidwa malo ochepa

Lipoti la bungwe la akatswiri la Lancet, lomwe adatsogolera ndi Prof. Gill Livingston, likuti zinthu 14 zopeweka ndizo zimabweretsa pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala, a dementia. Ndi ntchito yabwino, ndipo langizo lake ndi lomveka: kuyambira zaka 40, nambala yapamwamba ya BP isapitirire 130.

Vuto langa lili pa tebulo lomwe aliyense akujambula. Kuthamanga kwa magazi kwapatsidwa 2 peresenti yokha. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Lisasadzi akaona zimenezi angati BP ndi nkhani yaing'ono. Komatu nambalayi ndi ya dziko lonse lapansi, ndipo maumboni ake ambiri ndi ochokera kumayiko olemera, komwe odwala ambiri amamwa mankhwala. Kuno kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sadali pa mankhwala.

BP yosathiridwa mankhwala imalimbitsa ndi kuchepetsa timitsempha ta mkati mwa ubongo. Tizigawo ta ubongo timafa pang'onopang'ono, nthawi zambiri popanda sitiroko yooneka. Munthu amayamba kuchedwa kuganiza, kulephera kuwerengera ndalama za fodya, kuyenda modzandira. Kuiwala kumabwera pambuyo. Chingambwe ndi mchere wambiri zimangowonjezera moto. Ku Hai, m'dziko la Tanzania, ofufuza adapeza kuti pafupifupi anayi mwa okalamba khumi odwala dementia adali ndi mtundu wa mitsemphawu. Tebulo la Lancet silionetsa zimenezi.

Umboni wotikhudza kwambiri udabwera lipotili litatuluka kale. Mu 2025, magazini ya Nature Medicine idafalitsa kafukufuku wa m'midzi 326 ya ku China: azaumoyo a m'mudzi, osati madokotala, adatsitsa BP ya anthu, ndipo dementia idachepa ndi 15 peresenti m'zaka zinayi. Iwo adali ndi makina oyezera ndi mankhwala osadukiza, ndipo apa ndi pomwe ife timapunthwa.

Werengani lipotili, koma 2 peresentiyo musapite nayo kumudzi. Gogo amene wayamba kusochera, yemwe ena ayamba kale kumunong'oneza za ufiti, muyezeni BP. Ndipo musaiwale mwana wake wa zaka 45 amene wamuperekeza.