Ngoma ya ku Kandeu ndi Chaka cha 1953

Luso la gule wa ngoma lagona pa phazi. Amuna akandanda pabwalo ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya, chishango kumanzere chibonga kumanja, pamakhala kamphindi koti mwendo uli m'mwamba, wotsogolera nyimbo wakokera mawu, amayi manja ali chitambasulire. Kenako mapazi onse amagwera pamodzi, nthaka n'kuyankha kuti di! Wina akafulumira pang'ono chabe, khutu limayamba kumugwira diso lisanamuone. Mnyamata angathe kudumpha mpaka nthenga kuthothoka, koma wodziwa kuvina ndi nkhalamba ija imene imadikira, osataya mphamvu, n'kuponda pamene nyimbo yafika.

Gule wofuna umodzi wotere ndiye woyenera kusenza nkhani ya 1953. Kunja chakachi chimakumbukiridwa ndi zina: Elizabeth II anavekedwa chisoti chaufumu, Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anafika pansonga pa Everest, ndipo ku Cambridge James Watson ndi Francis Crick anafotokoza mapangidwe a DNA. Sayansi imene inafika m'minda ya ku Ntcheu inali ina: malamulo a malimidwe, okakamiza mizere yopingasa ndi migula yotchinga madzi, wokana n'kumulipitsa chindapusa. Pamwamba pa zimenezo panabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Amalawi anachikana koma chinakhazikitsidwabe chaka chomwecho.

Inkosi ya Makhosi Gomani II, Philip, anauza anthu ake kuti asatsate malamulo a malimidwe aja. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby linamuimitsa paufumu, ndipo apolisi atafika kwawo ku Lizulu kuti amutenge, anthu anawatsekereza. Mfumuyo, ili chidwalire, inawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi anawabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, Gomani anamwalira mu 1954.

Apa ndipo pagona vuto la ngoma ya masiku ano. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, magule athu anazolowera kuitanidwa kukasangalatsa alendo olemekezeka, ndipo opeka nyimbo anaphunzira luso limodzi lokha, lotamanda. Nyimbo yotamanda imadziwa kupambana basi. Ikakumana ndi mfumu yodwala, yothawira kutsidya kwa malire, yobwezedwa m'manja mwa adani ake, imasowa poigwira, ndiye imangoiveka mayina aulemu n'kudutsa. Komatu kulemera kwa nkhaniyi kuli pomwepo, pa munthu wofooka thupi amene anakana, ndi pa anthu wamba amene anaima pakati pa iye ndi apolisi.

Palinso china chimene wotamanda sangachiimbe. Mizere imene makolo anaikana mu 1953 ndi yomwe tikulima lero kuchokera ku Kandeu mpaka kutsikira kuchigwa cha Bwanje, popanda wotigwira pakhosi. Ndiye kuti makolowo analakwa? Ayi. Chimene ankakana ndi kulamulidwa m'munda mwawo ngati ana. Nyimbo yotha kunena zonse ziwirizi m'mizere itatu kapena inayi, mtsogoleri akufunsa gulu likuyankha, ingakhale ntchito ya mmisiri weniweni. Ndipo ngoma zipangizo zake ili nazo kale. Kubwerezabwereza kwake kumalola mawu amodzimodzi kuyamba ngati funso n'kutha ngati chigamulo, ndipo kamphindi kaja phazi lisanagwe n'kokwanira kuti dzina la munthu kapena la malo limveke lokha.

Za zovala sindinena zambiri. Magulu ambiri akuyesetsa, ndipo pa mwambo wa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamene anagona Gomani I amene Angerezi anamupha mu 1896, maso amakhuta. Makutu ndiwo amabwerako ndi njala. Mawu a Chingoni otsala m'nyimbo zakale ambiri timangowatafuna osadziwa tanthauzo, pamene nyimbo zatsopano za m'Chichewa zimathamangira kutchula mlendo wolemekezeka wa tsikulo, mawa n'kuiwalika.

Inu opeka nyimbo a kwa Ganya, kwa Njolomole ndi kwa Chakhumbira, okalamba amene anamva za ku Lizulu kuchokera pakamwa pa amene analipo sanathe onse. Pitani mukakhale nawo pakhonde, muwafunse mmene zinayendera, musanayambe kusoka chishango china.