Ngongole Samangira Munthu? Kuwerenga Gawo 19 Mofatsa

Pali mawu amene angongole amalimbitsana nawo mtima, akuti ngongole samangira munthu. Mawuwa ali ndi gwero. M'Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994, gawo 19, ndime 6, muli zinthu zitatu zimene munthu sayenera kuchitiridwa: kusungidwa m'ndende mlandu wake osazengedwa, kumangidwa chifukwa cha maganizo ake pa ndale kapena pa nkhani zina, ndiponso kuponyedwa m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano.

Taonani kaye malo amene mfundo yachitatuyi inakhazikidwa. Ziwiri zoyambazo ndi zipsera za nthawi ya chipani chimodzi, pamene anthu ankatha zaka kundende ya Mikuyu osaonana ndi woweruza. Olemba malamulowo anaika mayi wa mandasi amene wakanika kubweza ndalama ya banki m'khonde pamndandanda umodzi ndi wandale womangidwa. Choncho wapolisi amene amagoneka munthu m'chitokosi Lachisanu kuti achibale asonkhe ndalama ya katapila pofika Lolemba sakuthandiza kulondola ngongole ayi, akuswa ndime yomwenso imaletsa kutsekera anthu popanda mlandu.

Koma chiganizochi n'chopapatiza kuposa mmene anthu amachitambasulira. Chimateteza wolephera, amene wasowadi pogwira. Za munthu amene ndalama ali nayo koma akungowumitsa mutu, sichinenapo kanthu. Chimakambanso za pangano lokha. Chindapusa chimene khoti lagamula si pangano. Kutenga ndalama za munthu mwachinyengo ndi mlandu wa upandu, wozengedwa ndi boma. Kunyozera lamulo la woweruza nakonso ndi mlandu pawokha, ndipo kumatha kukufikitsa kundende komwe unkati sungapondeko. Pangano la mayiko la 1966 lokhudza ufulu wa anthu ndi ndale, limene Malawi analowamo mu 1993, limamveketsa zimenezi m'gawo 11 ponena kuti choletsedwa ndi kumanga munthu pa chifukwa chokhacho cha kulephera.

Chachikulu ndi chimene ndimeyi yasiya osatchula. Ikuteteza thupi lako kuti lisatsekeredwe. Za firiji, njinga yamoto ndi malipiro ako yangoti zii. Apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Samani ikabwera, munthu amaipinda n'kuisiya pansi pa nsalu ya patebulo, poganiza kuti akapanda kupita kukhoti mlandu uzizira wokha. Malamulo a kazengedwe ka milandu mu Khoti Lalikulu a 2017 amapereka masiku 14 oyankhira samani ndi masiku 28 operekera mbali yako. Ukangoti chete, wodandaula amapempha chigamulo iwe kulibe, ndipo nthawi zambiri ndalama imene analemba ndi imene imaima. Mwina theka unabweza kale, mwina chiwongoladzanja n'chonyanyira, koma woti anene zimenezo anali iwe, ndipo sunabwere.

Zotsatira zake si maunyolo. Ndi masherifu amene amafika ndi lole m'mamawa, kulemba katundu mmodzimmodzi aneba akusuzumira pa mpanda, n'kukamugulitsa pa okushoni pamtengo wozizira. Khoti lingathenso kulamula banki kuti ipereke ndalama za mu akaunti yako kwa wodandaula, kapena abwana ako kuti azidula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Ndalama za masherifu ndi za maloya zimadzaunjikana pamwamba pa ngongole yakaleyo.

Chigamulo chotere chikhoza kuthetsedwa, koma uyenera kupempha msanga, kufotokoza chimene chinakulepheretsa kuyankha, ndi kusonyeza kuti uli ndi mfundo zomveka zodzitetezera. Kunena kuti unamva kuti ngongole samangira munthu sichifukwa chimene woweruza angachilandire, popeza palibe amene anapempha kuti umangidwe. Anapempha firiji.